ZAUMOYO-ZIMBABWE: Tsiku Lothera Pampando ndi Vuto la Msana ku Chitungwiza

CHITUNGWIZA, Zimbabwe — Kunja kusanache bwinobwino, anthu a ku Unit A, dera lina la Seke m'tauni ya Chitungwiza, amakhala atandanda kale m'mphepete mwa msewu kudikira minibasi, zomwe kuno amazitcha makombi. Ambiri ulendo wawo ndi wa ku Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kudzera mumsewu wa Seke Road. Magalimoto akachepa, ulendowu suchedwa. Koma m'mawa ndi madzulo, pamene aliyense akuthamangira kuntchito kapena kubwerera kwawo, umatha kupitirira ola lathunthu.

M'kombimo anthu amapanikizana anayi pampando umodzi, mawondo atagunda mpando wakutsogolo, chikwama chili pamiyendo. Akatsika mumzinda, wina amakakhala pakompyuta muofesi, wina pamakina osokera, wina pakampando kopanda choyedzamira kuseri kwa benchi yogulitsirapo tomato kapena mafoni. Madzulo ulendo ndi womwewo, kenako wailesi yakanema kapena foni mpaka tulo. Munthu akawerengetsera bwino amapeza kuti maola khumi, mwinanso kuposerapo, athera pampando.

Moyo wotere suli ku Chitungwiza kokha. Umapezekanso ku Ndirande ndi ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ku Kawale ku Lilongwe, ku Matero ku Lusaka ndiponso ku Soweto. Koma Chitungwiza ndi chitsanzo chooneka bwino chifukwa cha mbiri yake. Tauniyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza madera a St Mary's, Zengeza ndi Seke, ndipo cholinga cha boma la nthawiyo chinali chakuti anthu akuda ogwira ntchito mumzinda wa Salisbury, womwe lero ndi Harare, azigona kutali ndi mzindawo. Fakitale yaikulu ya nsalu ya Cone Textiles, yomwe inkalemba ntchito anthu zikwizikwi m'tauni momwemo, inatsekedwa chapakati pa zaka za m'ma 1990. Njanji yolumikiza Chitungwiza ndi Harare, yomwe yakhala ikukambidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, sinamangidwe. Kalembera wa m'chaka cha 2022 anapeza kuti m'tauniyi muli anthu oposa 370,000, ndipo gawo lalikulu la ogwira ntchito limadalirabe msewu.

Pakati pa anthuwa pali zidzukulu za Amalawi, komanso za anthu a ku Zambia ndi ku Mozambique, omwe anabwera m'dziko muno kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Chichewa chimamvekabe m'makomo ena, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013 amachiwerengera m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Agogo aja msana unkawapweteka chifukwa cha khasu, fosholo ndi matumba. Zidzukulu zawo zikudandaula za msana womwewo, koma zitakhala pampando.

Kukula kwa vutoli

Lipoti lomwe linatuluka m'chaka cha 2023 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Rheumatology linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi vuto la kupweteka kwa msana wam'munsi, cha m'chiunomu, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika pa 843 miliyoni pomadzafika chaka cha 2050. Palibe nthenda ina yomwe imalepheretsa anthu kugwira ntchito zawo kwa masiku ochuluka kuposa imeneyi. Lipotilo linati Africa ndi Asia ndiwo madera omwe chiwerengero chidzakwere kwambiri, chifukwa anthu akuchuluka komanso akukhala ndi moyo zaka zambiri.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti msana ndi nthenda ya maiko olemera. Akatswiri a pa yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa anaunika pamodzi zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wa mu Africa muno, ndipo m'chaka cha 2018 analengeza kuti pa nthawi ina iliyonse, anthu pafupifupi 39 mwa 100 alionse omwe anafunsidwa anali akumva msana. Chiwerengerochi ndi chokwera kuposa cha dziko lonse lapansi.

Chomwe chimapangitsa vutoli kukhala lalikulu kuno ndi mtundu wa ntchito zomwe anthu amadalira. Wolembedwa ntchito pakampani akadwala amatha kupatsidwa tchuthi, malipiro ake n'kulandirabe. Koma wogulitsa pamsika wa Chikwanha kapena pa Makoni, telala, wometa ndi dalaivala wa kombi amadya zomwe apeza tsiku lomwelo. Msana ukawagoneka sabata imodzi, ndiye kuti lendi, fizi ya ana ndi ufa zasokonekera.

Mmene msana unapangidwira

Chomwe timachitcha fupa la msana si fupa limodzi. Ndi mafupa ang'onoang'ono 33 osanjikizana: 7 a m'khosi, 12 a kumbuyo kwa chifuwa komwe kumalumikizana nthiti, 5 akuluakulu a m'chiuno, ndipo otsalawo, a kumunsi kwenikweni, amagwirana munthu akakula. Pakati pa mafupa oyendawo pali timbale tofewa 23, tomwe madokotala amatitcha madisiki. Kunja kwake timbaleti ndi tolimba ngati chicherewecherewe, pomwe m'kati mwake ndi mofewa ndipo muli madzi ambiri. Ntchito yake ndi kuchepetsa kugundana kwa mafupa ndi kulola msana kupindika. M'kati mwa mafupawo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, womwe nthambi zake zimapita m'manja ndi m'miyendo.

Timbaleti tili ndi khalidwe lina lofunika kulidziwa. Mwa munthu wamkulu, m'kati mwa timbaleti simufika mitsempha ya magazi. Chakudya chimalowamo pang'onopang'ono kuchokera m'mafupa oyandikana nato, ndipo madzi amatuluka ndi kulowa malinga ndi mmene tapanikizikira kapena kumasukira, monga imachitira siponji. N'chifukwa chake munthu amakhala wamtaliko pang'ono m'mawa, ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo, kusiyana ndi madzulo. Minofu yozungulira msana, ya pamimba, ya m'matako ndi ya m'ntchafu nayonso imalimba ikamagwira ntchito, ndipo imafooka ikamangokhala. Thupi lonseli linapangidwa moti lizisinthasintha kakhalidwe.

Kodi mlandu ndi wa mpando?

Apa ndi pomwe nkhani imafuna kusamala, chifukwa zomwe anthu ambiri amakhulupirira sizigwirizana kwenikweni ndi zomwe kafukufuku wapeza.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, dokotala wa mafupa wa ku Sweden, Alf Nachemson, anayeza mphamvu yomwe imapanikiza timbale ta msana mwa anthu amoyo, ndipo anapeza kuti kukhala pansi kumatipanikiza kwambiri kuposa kuimirira. Mfundo imeneyi inalowa m'mabuku ndipo inaphunzitsidwa kwa zaka zambiri. Koma m'chaka cha 1999, Hans-Joachim Wilke ndi anzake a ku Ulm, m'dziko la Germany, anabwereza kuyezako ndi zipangizo zatsopano pa mwamuna mmodzi wa zaka 45. Iwo anapeza kuti kukhala pansi momasuka ndi kuimirira momasuka sikusiyana kwenikweni. Akatswiri ena omwe anaunika kafukufuku wambiri wa anthu apantchito sanapezenso umboni wamphamvu wakuti kukhala pampando pakokha ndiko kumayambitsa nthenda ya msana.

Izi sizikutanthauza kuti mpando ulibe mlandu. Vuto lake ndi lakuti umalanda nthawi yomwe thupi likanayenda. Munthu wokhala malo amodzi maola ambiri amauma m'chiuno ndi m'khosi, minofu yake imafooka, thupi limanenepa, ndipo tsiku lomwe adzafune kunyamula thumba la ufa kapena kukankha galimoto, msana umakhala usanakonzeke. Kwa madalaivala pamaonjezekera kunjenjemera kwa galimoto ndi kugwedezeka kwa m'maenje a mumsewu, zomwe kafukufuku wazigwirizanitsa ndi kupweteka kwa msana momveka bwino kuposa kukhala pansi chabe. Lipoti la 2023 lija linatchula zinthu zitatu zomwe zimathandizira pafupifupi magawo awiri mwa asanu a vutoli: kagwiridwe ka ntchito, kusuta fodya ndi kunenepa kwambiri.

Kuopsa kwa moyo wongokhala kunayamba kudziwika bwino kudzera mwa anthu ogwira ntchito m'mabasi. M'chaka cha 1953, dokotala wa ku Britain, Jeremy Morris, anafalitsa zomwe anapeza atafufuza anthu pafupifupi 31,000 ogwira ntchito zamtengatenga mumzinda wa London. Madalaivala a mabasi osanjikiza, omwe ankakhala pansi tsiku lonse, ankadwala ndi kufa ndi nthenda ya mtima kwambiri kuposa makondakitala, omwe ankakwera ndi kutsika masitepe a basiyo kambirimbiri podula matikiti. Kafukufukuyu anali wokhudza mtima, osati msana, koma ndiye anatsegula maso a madokotala pa ubwino woyendayenda. Kondakitala wa kombi, yemwe kuno amamutcha hwindi, sangakhale chitsanzo chabwino pankhaniyi, pakuti iye amayenda ulendo wonse atapindika pakhomo, mutu utagunda denga.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2024 kuti anthu akuluakulu 31 mwa 100 alionse, omwe ndi pafupifupi 1.8 biliyoni, sanali kugwiritsa ntchito matupi awo mokwanira m'chaka cha 2022. Muyeso wa bungweli, womwe linautulutsa m'chaka cha 2020, ndi wakuti munthu wamkulu azichita zinthu zotenthetsa thupi, monga kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso masewera olimbitsa minofu masiku osachepera awiri.

Za kukhala mowongoka

Makolo ndi aphunzitsi akhala akuuza ana kuti aongole msana akakhala pampando, ndipo ogulitsa mipando yodula amalonjeza kuti mpando wawo uchiritsa msana. Akatswiri a mafizo ambiri lero akuti palibe kakhalidwe kamodzi komwe kali koyenera aliyense. Gulu lina la akatswiri, momwe munali Peter O'Sullivan wa pa yunivesite ya Curtin ku Australia, linalemba m'chaka cha 2019 kuti palibe umboni wokwanira wakuti kukhala chowerama pang'ono kumabweretsa nthenda ya msana, kapena kuti kukhala chowongoka ngati msilikali kumaiteteza. Misana ya anthu inapindika mosiyanasiyana chibadwire, ndipo munthu woumiriza msana wake kuti ungokhala njo tsiku lonse amangotopetsa minofu.

Chomwe chimathandiza ndi kusintha. Wokhala pakompyuta kapena pamakina osokera azidzuka pakatha mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono, kuimirira, kuyenda masitepe angapo, kuika manja m'chiuno n'kupindikira kumbuyo pang'ono kangapo. Wogulitsa pamsika angathe kusinthanitsa kukhala ndi kuimirira. Dalaivala yemwe akudikira kuti kombi yake idzaze pa renki ali ndi mphindi zambiri zomwe angatsike n'kuongola miyendo m'malo mogona pa chiongolero. Zina zing'onozing'ono zimachepetsa kutopa: kompyuta ikhale pamlingo wa maso ngakhale poikweza ndi mabuku, mapazi aponde pansi, ndipo kathaulo kopindidwa kuseri kwa chiuno kamathandiza anthu ena. Zonsezi ndi zofuna kuti munthu akhale momasuka, si mankhwala.

Chigubu cha malita 20

Moyo wa ku Unit A si wapampando pokha. Chitungwiza imadalira madzi ochokera ku mzinda wa Harare, ndipo kwa zaka zambiri m'mipopi ya m'madera ambiri mwakhala mukutuluka madzi mwa apo ndi apo. Choncho munthu yemwe watha tsiku lonse atakhala amafika kunyumba n'kutenga zigubu kupita kumjigo kapena kuchitsime. Chigubu cha malita 20 chikadzaza chimalemera makilogalamu 20, ndipo ntchitoyi kawirikawiri imagwera amayi ndi ana.

Mwamwayi, katundu yemwe Wilke anagwiritsa ntchito pakuyeza kwake anali wolemera chimodzimodzi. Mwamuna uja atanyamula makilogalamu 20 atawerama, miyendo ili chiongokere, mphamvu yopanikiza kambale ka m'chiuno inakwera kuposa kanayi poyerekeza ndi pamene anangoimirira. Atapinda mawondo, inatsikako. Atagwira katunduyo moyandikitsa kuthupi, inali kawiri kokha. Phunziro lalikulu pamenepa ndi la mtunda wa pakati pa katundu ndi thupi: chigubu chiyandikire miyendo chisananyamulidwe, ndipo munthu asapotoze chiuno katundu ali m'manja, koma atembenuke ndi mapazi. Zigubu ziwiri za malita khumi, china dzanja ili china dzanja linalo, zimavuta pang'ono kusiyana ndi chimodzi chachikulu chopendeketsa thupi mbali imodzi. Wilibala, pomwe ilipo, imaposa zonsezi.

Komabe kunyamula katundu pakokha si mdani wa msana. Msana wozolowera ntchito pang'onopang'ono umalimba. Ngozi imabwera pamene katundu wachuluka mwadzidzidzi, munthu atatopa, kapena pamene ntchito yolemetsa ikubwerezedwa tsiku ndi tsiku popanda kupuma.

Masewera omwe ali ndi umboni

M'mwezi wa December 2023, bungwe la WHO linatulutsa koyamba malangizo a kasamalidwe ka anthu omwe msana wawapweteka kopitirira miyezi itatu popanda nthenda ina yodziwika. Malangizowa amaika patsogolo kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi, chithandizo china cha mafizo monga kusisita, uphungu wothandiza munthu kuthana ndi mantha ndi nkhawa, ndiponso mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa a mtundu wa ibuprofen. Bungweli linalangiza kuti malamba omanga m'chiuno, makina okoka msana ndi mankhwala amphamvu a m'gulu la morphine asamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi pa vuto lotere. Malambawa amagulitsidwa kwambiri m'mafamase ndi m'misewu, ndipo ndalama zomwe anthu amatayirapo zikanatha kugwira ntchito ina.

Umboni wa masewera ndi wochuluka. Bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zachipatala, linasonkhanitsa m'chaka cha 2021 zotsatira za kafukufuku 249 ndipo linapeza kuti masewera amachepetsa ululu wa msana wokhalitsa poyerekeza ndi kusachita kanthu. Kuchepako si kwa chozizwitsa, ndipo palibe mtundu umodzi wa masewera womwe unaposa ina yonse moonekeratu. Nkhani yabwino pamenepa ndi yakuti munthu sayenera kulipira ku jimu kuti apindule. Masewera omwe angawakwanitse ndi kuwapitiriza kwa miyezi ndiwo amuthandize.

Chotchipa kuposa zonse ndi kuyenda pansi. M'chaka cha 2024, magazini ya The Lancet inafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa WalkBack, yemwe anachitidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Macquarie ku Australia. Iwo anatenga anthu 701 omwe anali atangochira msana n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linapatsidwa ndondomeko yoyenda pansi, yoonjezereka pang'onopang'ono mpaka kufika pafupifupi mphindi 30 kasanu pa sabata, pamodzi ndi uphungu wa katswiri wa mafizo. Gulu linalo silinapatsidwe kanthu. Kwa oyenda aja, panatenga masiku 208 kuti theka la iwo amvenso msana wowalepheretsa ntchito, pomwe kwa enawo panatenga masiku 112 okha. N'zoona kuti anthu a ku Australia amenewa sakhala moyo wofanana ndi wa ku Seke, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi a zaka zapakati. Koma mankhwala omwe anayesedwawo ndi oti aliyense ali nawo. Wotsika kombi mtunda wa mphindi 15 asanafike kwawo, n'kuchitanso chimodzimodzi m'mawa, wakwanitsa mphindi 150 za pa sabata m'masiku asanu a ntchito. Chovuta ndi mdima ndi chitetezo, makamaka kwa amayi, ndipo n'chifukwa chake kuyenda awiriawiri kapena m'magulu a kumpingo Loweruka m'mawa kumathandiza.

Pa zolimbitsa minofu, mphasa kapena bulangete pansi n'zokwanira. Munthu agone chagada, mawondo atapinda, mapazi ataponda pansi, kenako akweze matako mpaka thupi liongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo, adikire masekondi asanu, n'kutsika pang'onopang'ono. Izi zimadzutsa minofu ya m'matako yomwe imagona munthu akakhalitsa pampando. Masewera ena, omwe anatchuka ndi katswiri wa za msana wa ku Canada, Stuart McGill, ndi ogwada ngati mwana wokwawa, n'kutambasula dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo nthawi imodzi, msana usakugwedezeka, kwa masekondi osapitirira khumi, kenako n'kusintha mbali. Enanso ndi ogona cham'mbali, kutsamira chigongono, n'kukweza chiuno kuchoka pansi. Woyamba kumene apinde mawondo kuti zipepuke. Kwa achikulire ndi onenepa, kudzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi osagwira pena paliponse ndi chiyambi chabwino, chifukwa kumalimbitsa ntchafu zomwe zimanyamula katundu m'malo mwa msana.

Zonsezi sizitha mphindi 15. Kuzichita kawiri kapena katatu pa sabata, n'kumaonjezera pang'ono sabata iliyonse, n'kokwanira. Kumva kuwawa pang'ono kapena kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira si chizindikiro chakuti china chaonongeka. Koma ululu ukamakula tsiku ndi tsiku, kapena ukayamba kutsikira m'mwendo, masewerawo achepetsedwe ndipo munthu akaonane ndi achipatala.

Kuvina nakonso kumawerengedwa. Chitungwiza ndi kwawo kwa oimba ambiri a nyimbo za sungura, ndipo aliyense yemwe anaonapo anthu akuvina Borrowdale, gule yemwe anatchuka ndi Alick Macheso, woimba yemwe bambo ake anachokera ku Malawi, sangakayike kuti miyendo ndi chiuno zimagwira ntchito. Chimodzimodzinso makwaya ovina, mpira wamanja wa amayi ndi kulima kadimba kuseri kwa nyumba.

Msana ukagwira mwadzidzidzi

Anthu ambiri msana ukawagwira amagona, ndipo kale madokotala ankalangiza zomwezo. Kafukufuku wa ku Helsinki, m'dziko la Finland, yemwe anafalitsidwa m'chaka cha 1995, anayerekeza anthu ogonekedwa masiku awiri, ochita masewera apadera a msana, ndi opitiriza ntchito zawo za masiku onse mmene ululu ukuwalolera. Omwe anachira msanga anali a gulu lachitatu, ndipo ogona aja ndiwo anachedwa kuposa onse. Ululu wambiri wotere umachepa kwambiri m'masabata asanu ndi limodzi oyamba. Kuthowa ndi nsalu yofunda kumapepukitsa. Mankhwala a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac amathandiza kwa masiku ochepa, koma ndi oopsa kwa omwe ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena la mtima, ndi amayi oyembekezera. Omwe akumwa mankhwala a nthawi yaitali, kuphatikizapo ma ARV, afunse kaye kuchipatala asanagule mankhwalawa pamsika.

Ambiri amafunanso kujambulidwa, poganiza kuti chithunzi chionetsa chomwe chathyoka. Mwa anthu pafupifupi 90 mwa 100 alionse odwala msana, madokotala sapeza nthenda imodzi yomwe angailoze ndi chala. Ndipo zomwe makina amaonetsa zimatha kusocheretsa. Akatswiri a ku America anaunika m'chaka cha 2015 zithunzi za anthu oposa 3,000 omwe sankamva ululu uliwonse, ndipo anapeza kuti timbale ta msana tinkaoneka toperepeseka mwa anthu 37 pa 100 alionse a zaka 20, ndiponso mwa 96 pa 100 alionse a zaka 80. Kusintha kotere kuli ngati imvi: kumabwera ndi zaka. Munthu wouzidwa kuti msana wake watha amayamba kuopa kuwerama ndi kuyenda, ndipo manthawo amatalikitsa matenda. Kwa banja lomwe likulipira lokha, chithunzi cha makina a MRI chimadya ndalama zambiri popanda kusintha chithandizo.

Zizindikiro zosayenera kuzengereza

Pali gulu laling'ono la odwala omwe masewera si yankho lawo, ndipo m'chigawo chino cha Africa gululi ndi lofunika kulikumbukira kuposa ku Ulaya. Chifuwa chachikulu cha TB sichigwira mapapo okha. Chimatha kulowa m'mafupa a msana, nthenda yomwe dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaifotokoza m'chaka cha 1779. Chimadya fupa pang'onopang'ono mpaka msana kupindika n'kutuluka linunda, ndipo chikachedwa kupezeka chimapha miyendo. Chikapezeka msanga chimachizika ndi mankhwala a TB. M'maiko monga Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique, momwe TB ndi HIV zafala, msana wopweteka kwa masabata ambiri, wosaleka ngakhale usiku munthu atagona, wobwera pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi kapena thukuta la usiku, ufunika kupimidwa kuchipatala mosataya nthawi.

Chimodzimodzi munthu yemwe anadwalapo khansa, yemwe wagwa kapena kuchita ngozi, ndi wokalamba yemwe msana wamugwira mwadzidzidzi. Koma chofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo ndi pamene munthu wachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa ntchafu, mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukungotuluka wokha, chimbudzi sichikugwirika, kapena miyendo ikufooka. Izi zimasonyeza kuti mitsempha ya kumunsi kwa msana yapanikizika, ndipo opaleshoni ikachedwa, kulumala kwake kumakhala kwa moyo wonse.

Anthu a ku Unit A amayambira ku makiliniki a khonsolo, omwe amatumiza odwala ofunika chithandizo chapadera ku chipatala chachikulu cha Chitungwiza Central. Dziko la Zimbabwe linayamba kale, m'zaka za m'ma 1980, kuphunzitsa akatswiri a mafizo pa University of Zimbabwe komanso othandizira awo pa sukulu ya ku Marondera, ndipo linatsegula nthambi za mafizo m'zipatala za m'maboma. Ku Malawi maphunziro a digiri ya mafizo anayamba m'chaka cha 2010 pa College of Medicine ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. M'maiko onse awiri akatswiriwa ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ena mwa iwo anapita kukagwira ntchito kunja, ndipo omwe alipo nthawi yawo yambiri imathera pa odwala sitiroko, ovulala pangozi ndi ana olumala. Wodwala msana akapeza mwayi woonana nawo kamodzi kapena kawiri, chanzeru ndi kupempha kuti amuonetse masewera atatu kapena anayi oyenera iyeyo, awachite pamaso pawo kuti amukonze polakwika, kenako akapitirize yekha kunyumba.